Loko wa Bai Stavri

1. Nsapato zopolisha

Mwezi wa Seputembala mufakitale ya tsabola munthu sayenda, amathamanga. Malole amafola pachipata kuyambira m'mamawa, odzaza tho ndi tsabola wofiira wa m'minda ya m'chigwa cha Maritsa. Tsabolayo amatsukidwa, kuwotchedwa, kusendedwa, kenako nkuphikidwa ndi tomato kuti anthu adzapake pa buledi m'nyengo yachisanu. Akakhalitsa padzuwa amafewa, ndipo akafewa ndi wotaya basi.

Denitsa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu yake ya ntchito zamanja inamulola kudzaphunzira zamagetsi mufakitalemo kwa miyezi itatu, ndipo malowo anamupezera ndi amalume ake, a Momchil, omwe anali kapitawo.

Mtsikanayu anali waphuma, tisamubisire. Masitepe ankakwera awiriawiri, ndipo munthu akamamuuza chinthu ankayankha kuti “ndamva” mawu ali m'kamwa.

Mphunzitsi wake anali mkulu wa zamagetsi amene onse ankamutchula mwaulemu wakumeneko kuti bai Stavri, wogontha khutu limodzi, woyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Tsikulo linali la Mtanda Woyera, tsiku lokondwerera dzina lawo, pakuti dzina lakuti Stavri limatanthauza mtanda, choncho anafika ndi bokosi la maswiti ndi dengu la mphesa panjinga, kudzadyetsa anzawo monga mwa mwambo. Kumapazi anali ndi nsapato zakuda zonyezimira.

Mayi Zorka, mkulu wa amayi osenda tsabola, anaziyang'ana nkugwedeza mutu.

“Nsapato zimenezi, bai Stavri, mukukafunsira kuti?”

“Ndifunsirenso? Mmodzi yemweyu khutu landithera.”

“Ndiye lero tikuonani mpaka nthawi yanji?”

“Ikangokwana thwelofu ine ulendo. Alendo a tsiku la dzina saitanidwa, amangofika. Ndikachedwa ndikapeza atandidyera zonse, mkazi wanga akuwathandiza.”

Aliyense anaseka, ndipo aliyense anamva kuti thwelofu. Bai Stavri analowa m'kachipinda ka zamagetsi, navula nsapato zija, naziika pansi pa benchi, nkuvala zantchito.

2. Mabowo asanu ndi limodzi

Cha m'ma teni, lamba wonyamula tsabola kupita kotsukira anangoti zii. Anamuyatsa, anayenda pang'ono, nkuimanso. Kachitatu kunamveka fungo la waya wopsa.

Bai Stavri anapita pa bokosi la magetsi la mzere wotsukira, natsitsa swichi yaikulu. Pachogwirira chake anakolekapo kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi, ndipo m'bowo limodzi anatsekamo loko wawo wofiira, wolembedwa dzina lawo.

“Wako uli kuti?”

“Koma bai Stavri, mwatseka kale inu.”

“Ndatsekera moyo wanga. Wako ndani akutsekere?”

Denitsa anatulutsa loko wake wachikasu, natseka m'bowo lachiwiri. Phazi lake linali litaloza kale kumota, koma mkuluyo anamugwira pamkono.

“Ima kaye, mwana iwe, umve. Ndikudziwa kuti ndinanena dzulo, ndipo ndidzanenanso mawa. Magetsi sanunkha, salira, sakuchenjeza. Waya wamoyo ndi waya wakufa amaoneka chimodzimodzi. Ndiye ukathimitsa, tseka. Ukatseka, yesa ndi choyesera. Ukayesa, yesanso choyeseracho pamalo amoyo, chifukwa nachonso chimatha kufa osakuuza. Pamenepo ndiye ukhudze.”

“Ndamva.”

“Sunamve, sindinamalize. Loko ali ndi kiyi mmodzi, ndipo kiyiyo amakhala m'thumba mwa mwini wake. Wochotsa loko ndi mwini wake yekha. Kapitawo ayi, bwana ayi, ngakhale wansembe ayi. Ukapeza loko wa mnzako, usaganize kuti waiwala. Ganiza kuti manja ake ali pa waya, kufikira utamuona ndi maso ako awiri. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito ndi Ilko kufakitale ina ya shuga. Ilko analibe loko, anangopachika kapepala pa swichi. Mphepo inakagwetsa. Munthu wina anabwera, munthu wabwino ndithu, woimba kwaya, anaona swichi ili pansi nkuikweza kuti athandize. Ilko tinamuika Lachinayi. Woimba kwaya uja anakhala zaka makumi atatu osaimbanso.”

Denitsa anali atamva za Ilko kangapo, ndipo maso ake anali kumalole. Awiriwo anagwira ntchito limodzi, napeza waya wopsa pa mota ya lamba, namusintha. Itatsala pang'ono kukwana thwelofu, bai Stavri anamuuza kuti achotse loko wake, akadye, kenako akasinthe babu wakufa kunyumba yosungira mabotolo. Anati zotsalazo amaliza okha.

3. Njinga palibe

Denitsa atabwerako inali hafu pasiti thwelofu, ndipo mufakitale munali chipwirikiti. Lamba anali chiimire. Amayi anali ataunjika makreti a tsabola paliponse pomwe panali malo. Panja madalaivala ankaliza mahutala mosinthana, ngati kuti hutala inayamba yakonzapo makina.

A Momchil anali pa bokosi la magetsi, malaya atanyowa ndi thukuta, foni kukhutu. Anaitsitsa mokwiya.

“Ikungoitana. Bwera kuno, Denitsa. Mota munamaliza?”

“Tinamaliza, amalume.”

“Ndaona, chivindikiro ndi chotseka, zida palibe. Mdala uja wathamangira alendo, waiwala loko wake. Pita m'kachipinda kanu ukatenge chodulira zitsulo, udule ichi tiyatse.”

“Mwawaona akutuluka?”

“Njinga yake pachipata palibe. Zorka, Stavri anati achoka nthawi yanji?”

“Thwelofu,” anayankha mayi Zorka. “Panopa ali pa tambula yachiwiri.”

M'fakitale imeneyo anthu ankadziwa za bai Stavri poona njinga. Ikakhala pachipata, mwini wake alipo. Ikasowa, wapita. Zinali choncho kwa zaka makumi awiri, ndipo palibe anaganizapo kuti njinga ndi munthu ndi zinthu ziwiri.

Denitsa anathamanga. Kudula loko ndi ntchito ya kamphindi, ndipo kunena zoona ankafuna kuti anthu onsewo aone kuti iye ndi amene wayendetsa lamba. Anatsegula kachipinda, natambasula dzanja kuchodulira chimene chinali pakhoma.

Pansi pa benchi panali nsapato zakuda zonyezimira. Pafupi nazo panali nsapato zantchito. Pakona pomwe pamakhala jombo zamphira panalibe kanthu, ndipo foni ya bai Stavri inali pashelefu, ikuwala.

Anatuluka chimanjamanja, natseka chitseko ndi kiyi.

“Chodulira chili kuti?” anafunsa a Momchil.

“Amalume, nsapato zawo zili momo. Foni ili momo. Jombo ndi zimene palibe. Munthu sapita kwa alendo atavala jombo.”

“Stavri? Ameneyo ngakhale pa ukwati wake akanavala jombo akanapanda kumuletsa. Waiwala loko, waiwala foni, waiwala nsapato. Ukalamba umenewo. Katenge chodulira.”

“Ndiloleni ndiwafune kaye.”

“Ukawafune kuti? Tamvera kunjaku. Malole asanu ndi atatu ali padzuwa. Tsabola ameneyo ndi thukuta la anthu la chaka chonse, ndipo pofika madzulo akhala phala. Bwana ali m'njira. Akafika apeze lamba ataima chifukwa cha kaloko ka mdala woledzera?”

“Loko amachotsedwa ndi mwini wake.”

“Tamuonani! Milungu itatu yokha wayamba kale kulankhula ngati Stavri. Iwe, malo ano anakupezera ndani? Amayi ako anabwera kwa ine akulira. Pepala lako la kusukulu wosayina ndine. Ndikalemba kuti sumvera, chaka chino chapita.”

Amayi osenda tsabola anacheukira kwa awiriwo. Denitsa anachita mantha. Amalume ake sanali munthu woipa. Ndi iwo anamugulira nsapato zantchito zimene anavalazo.

Anapisa m'thumba, natulutsa loko wachikasu. Anautseka m'bowo lachiwiri, pambali pa wofiira uja, naika kiyi m'thumba la pachifuwa.

“Ukuchita chiyani?”

“Ndikupita kumzere, amalume. Ndikakhala kumzere, loko wanga amakhala pano. Ndipatseni mphindi khumi.”

Sanadikire yankho. Kumbuyo kwake anamva a Momchil akukuwira dalaivala wina kuti abweretse chodulira cha m'lole mwake.

4. Kuseri kwa makreti

Anayambira kumota. Kunalibe munthu. Anayenda motsatira lamba, akusuzumira pansi, akuitana. Mauvuni owotchera tsabola ankayendera gasi ndipo sanaime, choncho mawu ake ankangomezedwa ndi mkokomo. Nanga kuitana munthu wa khutu limodzi m'phokoso lotero nkwachiyani?

Anakwera pamwamba pa thanki yotsukira. Kunalibe. Anatsika, nathamangira kuchimbudzi cha amuna, nagogoda. Munatuluka dalaivala wonenepa akumanga lamba, namufunsa ngati wasochera.

Mphindi zinayi zinapita, mwina zisanu.

Anaima pakati pa fakitale, akupuma mwawefuwefu. Jombo. Munthu amavala jombo akamapita pamadzi. Madzi otsukira tsabola amatsikira m'ngalande, ndipo ngalandeyo imathera m'dzenje la pansi pa simenti, momwe muli pampu yowatulutsa kunja. Denitsa anali asanalowemo, koma ankadziwa pakamwa pake, kuseri kwa thanki.

Pamalopo panali khoma la makreti, lalitali kuposa iye. Amayi aja anaunjika pomwe anapeza malo, osayang'ana pansi. Denitsa anakankha mzere umodzi, makreti anagwa, tsabola anamwazika. Kuseri kwake, chitsulo chotsekera dzenje chinali chitasunthidwa, ndipo pansipo pankaoneka kuwala kwa tochi.

Anagwada nkusuzumira.

Bai Stavri anali ataima m'madzi ofika m'akakolo, tochi pamphumi. M'dzanja lamanzere anagwira chingwe cha pampu, nsonga zake zitatu zili zosenda, mkuwa uli poyera. Ankazipotokola ndi zala, akuimba chamumtima.

“Bai Stavri!”

Sanamve. Denitsa anatola tsabola mmodzi nawagenda pamsana. Mkuluyo anatembenuka mokwiya.

“Ndani ameneyo? Iwe? Tsabola ndi wogendera anthu?”

“Siyani waya. Siyani msanga, tulukani.”

“Ndatsala pang'ono. Chingwe ichi makoswe anachidya, nchifukwa chake swichi imagwa. Mota ija inali theka chabe la vuto.”

“Akudula loko wanu.”

Anthu ena akamva zoopsa amalumpha. Bai Stavri anayang'ana nsonga zitatu zija, natsegula zala chimodzichimodzi, nakoleka chingwe pa msomali wa pakhoma, kutali ndi madzi. Kenako anakwera makwerero, ndipo munthu woyenda ngati wasenza mazira uja anafika pamwamba Denitsa asanadzuke pomwe anagwada.

5. Wachikasu

Anthu anali atazungulira bokosi la magetsi. Denitsa anadzipanikiza pakati pawo.

Loko wofiira anali pansi, wodulidwa pakhosi. A Momchil anali atalowetsa kale mano a chodulira pa loko wachikasu, ndipo ankasonkhanitsa mphamvu kuti afinye kachiwiri. Mayi Zorka ankawauza kuti adikire mwanayo abwere, koma ankanena chapansipansi, monga amanenera munthu amene sakufuna kudana ndi kapitawo.

“Momchil,” anatero bai Stavri.

A Momchil anacheuka. Anaona jombo zonyowa, matope m'mawondo, tochi ikuyakabe pamphumi. Chodulira chinawapulumuka nkugwa pasimenti. Kunja hutala ina inalira.

“Njinga yanu...” anayamba a Momchil.

“Yatengedwa ndi mkazi wanga. Anabwera kudzanyamulira mavwende a alendo.”

Bai Stavri anawerama, natola loko wawo, nauyang'ana mbali zonse. Kenako anagwira wachikasu uja. Pakhosi pake panali chilonda chakuya cha mano a chodulira, chofika pakati.

“Mverani nonse, chifukwa sindibwereza. Ndinali m'dzenje, m'madzi, mawaya atatu m'manja. Pampu ija imadya pa swichi yomweyi. Mukanaikweza, simukanamva ngakhale kukuwa. Lamba akanayenda, mukanasenda tsabola mpaka madzulo, mukanapita kwanu. Alendo anga akanadya, nkumanditukwana kuti ndachedwa. Mukanandipeza mawa, madzi atasefukira.”

Mayi Zorka anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Makreti aja anaunjikitsa ndi iwo.

“Nanenso ndili ndi mlandu, ndipo ndiunena ndekha. Ndinatsika m'dzenje osauza munthu. Ndinasiya foni. Ndinati ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndithamangire alendo. Zaka makumi anayi pantchito, ndipo lero ndachita za mwana. Koma loko amaikidwira tsiku ngati lomweli, tsiku limene munthu wapusa. Loko sanena kuti mwini wake ndi wanzeru. Amangonena kuti mwini wake sanabwere. Mukamupeza, funani munthuyo. Yendani mzere wonse, suzumirani dzenje lililonse, tumani munthu kunyumba kwake. Tsabola akaola, chaka chamawa adzamera wina. Njinga si munthu, Momchil. Ine ndakhala ndikukuuza kuyambira uli wonyamula makreti.”

A Momchil anakhala pa kreti. Nkhope yawo inali itatuwa. Denitsa anawamvera chisoni, komanso anawakwiyira, zonse nthawi imodzi.

Bai Stavri anatembenukira kwa iye.

“Unadziwa bwanji?”

“Nsapato.”

“Hm. Ndiye maso uli nawo. Makutu ndi amene ndimakayika.” Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anamugwira paphewa. “Wako usachotse. Tikamalize chingwe chija awiri, iwe pamwamba, ine pansi. Uyu sunga. Ndilibe thumba louma.”

Anamupatsa loko wodulidwa uja, nauyamba wa kudzenje.

Denitsa asanawatsatire, mlonda wa pachipata anasuzumira pakhomo nkunena kuti galimoto ya bwana yalowa, ndipo bwanayo sali yekha. Wabwera ndi mayi woyendera za chitetezo cha antchito, amene ankayembekezeka sabata yamawa.

A Momchil anadzuka msangamsanga. Anakankhira chodulira pansi pa makreti ndi phazi, nafika pafupi ndi Denitsa, nalankhula motsitsa kuti ena asamve.

“Mwana wa mlongo wanga, ndipatse loko wodulidwayo. Akangomuona, ntchito yanga yatha lero lomwe. Stavri sanena, ndimamudziwa. Zorka sanena. Watsala iwe.”

Dzanja lawo linali lotambasula, lomwe lija linamugulira nsapato. Loko anali m'thumba la Denitsa, wozizira, nsonga yake yodulidwa ikumubaya pantchafu. Pakhomo panamveka mapazi a anthu awiri, ndipo mawu achilendo a mayi anafunsa kuti:

“Lamba waimiranji? Ndipo loko wachikasuyu, wolumidwa chonchi, mwini wake ndani?”